Malire Akunsi

Ntchito yanga yoyamba pa kompyuta inali kuifunditsa. Poweruka ndinkaiphimba ndi chitenje kuti fumbi la pa Balaka lisalowemo, m'mawa n'kuivundukula, basi. Ndinalembedwa ngati wotayipa makalata pa kaofesi ka bungwe lina lothandiza ana onyentchera, chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi. Makina anga otayipira anali pakhonde, pomwe kompyuta inali ndi chipinda chakechake, chokhala ndi fani. Ife anthu thukuta lili kamukamu, iyo ikukupizidwa ngati mkwatibwi. Kunena zoona, ndinadana nayo ndisanaigwire n'komwe.

Anandiphunzitsa ndi bambo wina wamtali wa ku Blantyre, amene ankaitanidwa makinawo akavuta. Anatopa ndi kukwera basi chifukwa cha tinthu tating'ono, ndiye tsiku lina anandikokera mpando. "Mayi, khalani apa. Chinthuchi musachiope, n'chopusa kuposa mbuzi. Chimachita zomwe mwachiuza, sichiwonjezera, sichichotsera." Anayamba ndi kundionetsa kalowetsedwe ka manambala. Ataona kuti mutu wanga umagwira, anandionetsanso mizere yomwe iye analemba, youza kompyuta chochita ndi manambalawo. Zilembo zake zinali zobiriwira pagalasi lakuda, ndipo ndikatseka maso pa nthawi yopuma ndinkazionabe zikuyendayenda.

Ntchito yathu inali yotere. Alangizi a zaumoyo ankazungulira midzi ya ku Machinga kamodzi pamwezi, kuyambira pa Balaka pomwepo mpaka chakumalire, n'kupachika sikelo mumtengo wa mango. Amayi ankabwera ndi ana, mwana n'kumulowetsa mu kakabudula kolendewera kaja, akulira, akupalasa timiyendo. Mlangizi ankalemba pa kapepala mudzi, nambala ya kadi ya sikelo, miyezi ya mwana ndi kulemera kwake. Dzina sankalemba. Timapepalato tinkafika ku ofesi m'matumba, tina pa basi, tina pa sitima yodzera pa Nkaya, ine n'kumalowetsa. Kompyuta inkasankha ana oyenera kulandira ufa wa phala. Manambala a makadi a osankhidwawo ankabwerera kwa alangizi, ufa n'kutsatira pa lole.

Kusankha konseko kunali pa mzere umodzi, ndipo mpaka lero ndikhoza kuunena ngakhale mutandidzutsa kutulo. Msinkhu uliwonse wa mwana unali ndi malire awiri a kulemera, akumwamba ndi akunsi. Mzerewo unkati: ngati kulemera kwafika pa malire akunsi kapena kuposa, ndiponso sikunapitirire malire akumwamba, mwana ali mkati. Apo ayi, ali kunja. Bambo uja analemba mayankho awiriwo m'Chichewa pofuna kundiseketsa, moti ndikalowetsa nambala pagalasi pankatuluka liwu limodzi lokha, MKATI kapena KUNJA.

"Onani bwino liwu lolumikizali," anatero akuloza ndi cholembera. "Ndi 'ndiponso'. Tsiku lomwe mudzalembe 'kapena' m'malo mwake, dziko lonse lidzalowa, ngakhale abwana anu ndi chimimba chawo." Anandichenjezanso za mwana wogwera pamalire penipeni, kuti ameneyo ndi wa mkati, ndisadzamutsekere kunja chifukwa cha ulesi wolemba kachizindikiro kamodzi. Anali munthu wosamala ndithu. Ndikunena izi kuti musamuyese wouma mtima mukamva zotsatirazi.

Malire akumwamba ndinawamvetsa msanga: mwana wolemera kuposa pamenepo ali bwino, ufa upite kwa ena. Akunsi ndiwo anandizunguza mutu.

"Nanga wotulukira kunsi?" ndinafunsa. "Si ndiye wofunika phala kuposa onse?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mayi, wotulukira kunsi si mwana, ndi chala chanu. Malire amenewa ndawaika pansi kwambiri, poti mwana wamoyo sangafikepo. Nambala ikatsika kuposa apa, ndiye kuti inu mwasemphanitsa manambala, kapena mlangizi anawerenga sikelo dzuwa lili m'maso. Mwezi wamawa akamuyezanso zikonzeka zokha."

Ndipo sananame. Kwa nthawi yaitali, nambala yotsika choncho ikatuluka KUNJA, ndinkati ndikabwerera ku kapepala n'kupeza kuti chala changa chathamanga, wani ndamuika pomwe panayenera eyiti. Mwina mlangizi analemba kulemera kwa khanda pa kadi ya mkulu wake. Ndinafika pouyamikira mzerewo, chifukwa unkandigwira dzanja ndisanadzichititse manyazi. Ndinkanyada nawo, abale. Mtsikana wa ku Chikweo, wovala mpango kumutu, akudziwa kusiyana kwa "ndiponso" ndi "kapena" m'kati mwa kompyuta! Ndinkayenda pamsewu wa kusiteshoni ngati tauni yonse ndi yanga.

Ku Chikweo kunatsala achemwali anga aakulu, amene anandilera mayi athu atamwalira. Iwo sukulu anaisiya kuti ine ndipite. Amuna awo anapita kukagwira ntchito ku maesiteti a fodya n'kungoti zii, kuwasiyira ana atatu okulirapo ndi kamnyamata kotsiriza. Kwathu mwana wa achemwali ako sumuchitira mwambo woti uyu ndi wa achemwali, ndi wako basi, ndipo kamnyamatako kanali kanga. Ndinakaona pa Idi, kakuyamba kumene kuyenda, masaya ali ngati mandasi. Kanandilanda mpango, ndipo nditati ndiulande kanandiluma chala ndi timano tiwiri. Achemwali anaseka mpaka misozi. "Wakudziwa ameneyo kuti ndiwe mkazi wa makina. Akufuna aone ngati uli ndi magazi."

Ankanditchula choncho, mkazi wa makina. Mudzi wonse unkadziwa kuti ku Balaka kuli makina osankha ana, ndipo kuti ine ndimakhala nawo m'chipinda chimodzi. Ena ankaganiza kuti ndimacheza nawo.

Kenako kunabwera chaka chija mvula inadula chimanga chikumasula. Aliyense wa msinkhu wanga akuchidziwa, sindichita kutchula. Chimanga chinauma chiimire. Anthu anakumba chinangwa chisanakhwime, makaka anatha, mango anadyedwa akadali anthete. Ngakhale pa Balaka penipeni chimanga tinkachita kulimbirana pamzere, dzuwa likutiwamba. Kakang'ono komwe ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi kudzera mwa bambo wina wogulitsa nsomba zouma wa pa Ntaja, amene ankafika kwathu panjinga. Koma pakhomo paja panali pakamwa pambiri, kuphatikizapo azakhali ndi ana awo. Ntchito ku ofesi inachuluka moti anatilemberanso mtsikana wina wondithandiza kulowetsa manambala, ndipo tchuthi anatiletsa. Miyezi inadutsa osapondako kwathu.

Apa m'pomwe KUNJA anayamba kuchuluka mwachilendo. Ndinkayang'ana chala changa, ndinkayang'ana kapepala: ndalemba bwinobwino. Miyezi ya mwana yolondola, dzanja la mlangizi looneka bwino. Nambala ya kadi yomweyo inkabweranso mwezi wotsatira itatsika kuposa poyamba. Zina sizinkabweranso n'komwe, ndipo munthu sunkafunika sukulu kuti udziwe chifukwa chake. Mtima unayamba kundiwawa nthawi iliyonse ndikatsegula thumba.

Ndinalowa mu ofesi ya abwana ndi timapepala m'manja. Abwana athu anali bambo ofatsa, mkulu wa mpingo kwawo, munthu woti ukadwala ankabwera yekha kudzakuzonda.

"Abwana, awa si manambala olakwika. Awa ndi ana. Malire akunsi aja tiwatsitse, kapena tingowachotsa."

Anadzuka, anatseka chitseko, anatsekanso windo ngakhale kunkatentha. "Mayi, tsitsani mawu. Lipoti lathu limapita kuboma, ndipo amene amaliwerenga si onse a zaumoyo. Tikatsitsa malirewo, tikhala talemba ndi dzanja lathu kuti ana akufa ndi njala. Mwaiwala zomwe timaombera m'manja pamisonkhano, zoti m'dziko muno aliyense akukhuta? Mukufuna atinyamule tonse, ofesi n'kutsekedwa? Ndiye ngakhale amene akulandira ufawo adzalandira kwa yani?"

"Ndiye tiziti ana awa kulibe?"

"Sindinatero. Ndati tidikire bambo wa ku Blantyre uja, ndiye anaika malirewo."

Bambo wa ku Blantyre anali atapita kunja kukaphunzira, tonse tinkadziwa. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa. Kenako ndinabwerera kukapepesa, chifukwa ntchito ndinkaifuna, ndipo kumudzi ankayang'ana ine. Ena mwa manambala otsikawo ndinayamba kuwakweza mwakachetechete kuti agwere pamalire, koma abwana ankafananiza ndi timapepala, ndipo atandigwira anandiuza kuti ndikabwereza sadzatha kunditeteza. Mantha a nthawi imeneyo ana a masiku ano sangawamvetse. Unkaopa ngakhale khoma. Chomwe palibe mmodzi wa ife anachiganizira, abwana, ine, kaya bambo uja, ndi momwe yankho la makina linkamvekera likafika pansi pa mtengo wa mango.

Nditachonderera kwambiri anandilola kupita kwathu kumapeto kwa sabata ina. Ndinakwera basi mpaka pa Ntaja, komwe anyamata a chipani anandiimitsa pakhomo la msika kufuna kuona kadi ya umembala, ngati kuti kadi imadyedwa. Kuchoka apo ndinakwera njinga. Njira yonse ya ku Chikweo sindinamve mtondo ngakhale umodzi. Ana anali khale m'mithunzi, osathamangira njinga monga amachitira.

Ndinafika masana a tsiku la sikelo, achemwali atangobwera kumene kuchokera kumtengo. Anali ataonda mpaka mafupa a pakhosi kuonekera, koma anandilandira akumwetulira. Mwana anali kumsana, mutu utagwera mbali imodzi. Atamutsitsa ndinalephera kumuzindikira. Nkhope inali ya nkhalamba, khungu la m'matako litakwinyika, tsitsi lofiirira ndi lapatalipatali. Sanalire, sanandilande kanthu, anangondiyang'ana. Mayo ine, mwana wanga.

Tinkalankhula Chiyao monga mwa masiku onse, koma pano ndilemba m'Chichewa.

"Wachita bwino kubwera, mkazi wa makina," anatero achemwali. "Makina akowo alibe maso eti? Mwezi watha anamukana mwana wakoyu, ati ngonenepa."

"Wanena kuti ngonenepa ndani?"

"Nanga amakana otani? Mlangizi anawerenga manambala a olandira ufa, yathu panalibe. Titafunsa anati iye sadziwa, amasankha ndi makina a ku Balaka, ndipo amatenga oonda. Ndiye ife otsalafe tinadziwa kuti athu sanaonde mokwanira." Anatsitsa mawu ngati akundiuza nzeru yamtengo wapatali. "Koma ulendo uno ndamukonzekera. Dzana ndi dzulo sindinamupatse phala, madzi okha. Amayi ambiri akutero. Lero sikelo yatsika ndithu, ndaona ndi maso angawa. Ulendo uno sangamukane."

Ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Makina ankangoti KUNJA, sankanena kuti kunja kwa mbali iti. Pepala lopita kwa mlangizi linkanyamula a mkati okha. Mayi amene mwana wake watulukira kumwamba ndi mayi amene mwana wake watulukira kunsi ankamva chinthu chimodzi, chete. Ndipo ndi mayi uti akanaganiza kuti mwana angakanidwe chakudya chifukwa chakuti waonda kwambiri? Achemwali anaganiza bwino. Munthu aliyense wanzeru zake akanaganiza chimodzimodzi.

Ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense wondidziwa akhoza kukuuzani. Koma tsiku limenelo zoona sindinawauze. Ndikanawauza chiyani, iwo akundiyang'ana ndi maso oyembekezera kuti ndiwayamikire? Ndinangoti, "Mpatseni kuno." Ndinatapa ufa womwe ndinabwera nawo n'kuphika phala lamadzimadzi. Anamwa pang'ono, n'kusanza. Ndinayesanso, anatembenuza mutu.

"Mawa m'mamawa tikupita naye kuchipatala," ndinatero.

"Nanga ufa ukabwera ife kulibe?"

"Achemwali, ndati tikupita kuchipatala!" Ndinawakalipira, munthu amene anandilera.

Tinabwereka njinga ziwiri. Wotipalasira wina ankafuna kuima pa msika kuti apume, ndinamutukwana mpaka anapalasa osayang'ananso kumbuyo. Kuchipatala tinapeza ana otere ali mbwee, ena pa mabedi, ena pansi pa mikeka. Namwino amene anatilandira anali atatopa, ndikudziwa tsopano, koma atamuona mwanayo anatembenukira achemwali n'kuti, "Amayi inu, munali kuti nthawi yonseyi? Mumadikira kuti afike pamenepa?" Achemwali anazolika. Ine ndinaphulika. Ndinamuuza kuti mayi ameneyu sanaphonyepo sikelo ngakhale kamodzi, kuti aone yekha pa kadi, kuti ngati alibe mawu abwino atseke pakamwa agwire ntchito. Anthu anachita kundigwira. Mkwiyo wonse womwe ndinalephera kuutulutsa kumudzi ndinautsanulira pa mtsikana wosalakwa uja.

Achipatala anayesetsa ndithu. Anamuika kapaipi m'mphuno, ankamumwetsa mkaka pang'onopang'ono. Tsiku lina mwanayo anaoneka ngati akutsitsimuka, anagwira chala cha achemwali, ife n'kuyamba kunena za kubwerera. Kenako anayamba kutsegula m'mimba, ndipo mphamvu zoti alimbane nako analibe. Anatisiya masana, dzuwa lili paliwombo, ali m'manja mwa mayi ake. Achemwali anamubereka kumsana monga anabwerera naye, tinakwera njinga zathu. Ashehe anachita mwambo wonse, amuna anapita naye kumanda dzuwa lisanalowe, ife amayi tinatsala pakhomo. Ndinalira mpaka mawu anatha. Achemwali ankangonena kuti Mulungu watenga chake, ndipo kamodzi anawonjezera kuti, "Chikhala ufa uja unafulumira."

Nditabwerera ku Balaka ndinapeza matumba a sikelo ya mwezi umenewo afika. Thumba la chigawo cha Ntaja linkayenera kupita kwa mtsikana wondithandiza uja, koma ndinamulanda popanda kufotokoza. Nambala ya kadi ndinkaidziwa, poti kuchipatala kadiyo inkakhala m'manja mwanga. Ndinakapeza kapepalako, kolembedwa bwino, kopanda cholakwika chilichonse. Ndinafufuzanso m'thumba la mwezi wapitawo, ndinakapeza koyamba kaja. Nambala yake inali pansi pa malire akunsi, pang'ono pokha. Mwana akanadya bwino masiku angapo asanakwere sikelo yachiwiri, mwina akanagwera mkati. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa.

Sindikudziwanso chomwe chinandichititsa kulowetsa nambala yachiwiriyo, poti yankho ndinkalidziwa. Ndinalowetsa miyezi yake, ndinalowetsa kulemera kwake, ndinadina. KUNJA. Zilembo zobiriwira zomwe zija, zosatekeseka. Ndinafuna kunyamula chimakinacho ndikachiponye m'njanji. Koma ndikanachilanga chifukwa chiyani? Chinachita zomwe chinauzidwa.

Ndinatsegula mizere ya bambo uja, ndinapita pa mzere wathu. Malire sindinawasunthe. Ndinangougawa kuti mayankho akhale atatu. Wopitirira malire akumwamba: ALI BWINO. Wa pakati: ALANDIRE UFA. Wosafika pa malire akunsi: WAONDA KWAMBIRI, APITE KUCHIPATALA. Ndinauzanso kompyuta kuti pepala la alangizi lizinyamula ana onse, aliyense ndi yankho lake. Ntchito yonseyi sinatenge nthawi yoposa kuwiritsa tiyi. Zimenezo ndi zomwe zimandipweteka kwambiri mpaka pano, kuchepa kwake.

Nditacheuka ndinapeza abwana ataima pakhomo. Anali atamva za maliro, ndipo anawerenga zomwe zinali pagalasi. Ndinakonzeka kuti akangoyamba, ndiwauze zonse zomwe zinali kukhosi kwanga n'kutenga chikwama changa. Koma iwo anangoti, "Lipoti la kuboma musalikhudze, likhale momwe lilili. Pepala la alangizi lokha." Anawonjezera kuti otulukira kunsiwo ufa azilandira nawonso, iwo aona powalemba. Anatuluka akupukuta magalasi. Njira inalipo nthawi yonseyi, koma mantha anatiphimba m'maso tonse.

Kuyambira mwezi umenewo alangizi anayamba kuwerenga mayankho atatu pansi pa mitengo ya mango. Ndinamva kuti amayi ena anakuwa pomwepo atamva koyamba, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Ndinkadziwa kuti nkhaniyi ifika ku Chikweo ine ndisanafike, ndipo ndinkaopa ulendo wotsatira kuposa momwe ndinkaopera anyamata a chipani.

Ndinapita pa sadaka ya mwanayo. Inali sadaka ya dzina lokha, mpunga panalibe, anthu anapemphera, analawa kakang'ono komwe tinakwanitsa, n'kumabalalika. M'basi ndinali nditakonza bodza langa bwinobwino, loti kapepala ka mwana wathu kanasochera m'njira, sikanafike n'komwe ku Balaka. Linali bodza labwino, loti silipweteka munthu.

Anthu atapita, ine ndi achemwali tinakhala kuseri kwa nyumba tikutsuka mbale ndi mchenga. Anayamba osandiyang'ana.

"Iwe, mlangizi anabwera sabata yatha. Akuti masiku ano makina amanena mbali. Pali otulukira kumwamba, pali otulukira kunsi."

"Eya, achemwali."

"Kalelo kunsi kunaliko?"

"Kunaliko."

Anatsuka mbale imodzi mpaka kumaliza, anaiika pa thandala, anatenga ina.

"Wathu uja anatulukira kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za kapepala kosochera. Anakweza dzanja.

"Iyayi, usandinamize. Ndinakulera ndine, bodza lako ndimalidziwa likadali pakhosi."

Ndinayang'ana pansi. Misozi inkagwera m'mbale yomwe ndinagwira.

"Kunsi, achemwali. Kuyambira mwezi woyamba uja."

Ndinawonjezera mofulumira kuti si iwo analakwa, kuti mayi aliyense akanachita chimodzimodzi, kuti olakwa tinali ife a ku Balaka amene tinatumiza yankho la theka. Sindikudziwa ngati anamva. Sanalire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa chinthu chomwe anachidziwa kale.

"Masiku awiri aja phala ndinkaphika ndithu, la akulu akewa," anatero. "Likapsa ndinkamubereka n'kubwera naye kuseri kuno kuti asaone anzake akudya. Koma ankamva fungo. Ankandikanda pamsana, akuti amama, amama. Ine n'kumamuuza kuti pirira bambo, lero lokha, ufa wako ukubwera."

Anapinda dzanja kumbuyo, pansi pa phewa lamanzere, kundionetsa pomwe ankakanda.